Mawondo a NyaMoyo

Kummwera kwa Embangweni, kumene minda ya anthu a ku Mzimba imayamba kugundana ndi ya anthu a ku Kasungu, kunali mayi wina dzina lake Rute. Dzina limeneli linkamveka ku tchalitchi kokha. Pamudzi aliyense ankangoti NyaMoyo, potsata chiwongo cha bambo ake, monga amaitanira akazi kumeneko. Anali wamfupi, wa miyendo yolimba, wosachedwa ndi macheza, ndipo mukanamupeza akupalira fodya simukanakhulupirira kuti ameneyu anavinapo gule wa kutsidya kwa nyanja pamaso pa boma lonse la Mzimba.

Anakwatiwa akadali mtsikana ndi Enos Shaba. Ng'ombe za malowolo zitapita kwawo, iye anabwera kudzakhala pamudzi pa mwamuna wake, ndipo tsiku loyamba lomwelo amayi akuluakulu anamutsekera m'nyumba n'kumuthira malangizo mpaka makutu kuwawa. Ambiri mwa malangizowo anawaiwala asanatuluke n'komwe. Koma limodzi analibwereza mpaka linamulowa m'mafupa: apongozi aamuna akatulukira, mkamwana amagwada pomwe alipo, nkhope n'kuyang'ana kumbali, ndipo sadzuka mpaka apongoziwo atadutsa. Kaya wasenza mtsuko, kaya pali matope, kaya pali minga, kugwada basi. NyaMoyo anagwada chaka ndi chaka, mpaka mawondo ake anazolowera kupinda okha mutu usanaganize.

Apongozi akewo, a Shaba aakulu, sanali munthu woti n'kumuopa. Anali nkhalamba yotsimphina, yokonda ng'ombe zake ndi fodya wa m'mphuno, ndipo akamuona mkamwana patali atasenza katundu, ankalambalala dala kuseri kwa nkhokwe kuti asamuvutitse. Awiriwa anali asanayankhulanepo. Pakakhala mawu, ankadzera mwa ankhazi a Enos, mlongo wa a Shaba, amene ankawanyamula uku n'kukawatula uko atawathirako mchere pang'ono.

Ukwati usanathe chaka, Enos anatsata anzake kummwera kukafuna ntchito, chifukwa boma linali litabwera ndi msonkho wake. Anzakewo ankabwerera ndi mabulangete ndi makasu, iye ayi. Kunangomveka kuti wapitirira mpaka ku Beira, kudoko la Apwitikizi, ndipo akupereka zakudya mu hotela ya azungu. Nkhondo ya Ajeremani inabwera n'kupita. Chimfine chachikulu chija chinabwera n'kusesa anthu, ndipo chinatenganso mwana wa NyaMoyo, amene bambo wake anali asanamuonepo. Anthu anayamba kumutchula Enos kuti mtchona, munthu womezedwa ndi ulendo. NyaMoyo akamva mawu amenewa ankadzuka n'kukasesa pabwalo posesa kale.

Zaka zimenezo anazitha ndi khutu limodzi kumunda, lina kunjira. Agalu akauwa, ankasiya khasu. Kukamveka kuti kwafika anthu obwerera kuchokera kuntchito ku Harare, ankapeza chifukwa chopitira kuchitsime cha kutali, kuti adutse pamene akupumira n'kuona nkhope zawo. Alongo ake anabwera kawirikawiri kudzanena kuti abwerere kwawo, ng'ombe zibwezedwe, akwatiwe ndi munthu wooneka ndi maso. Iye ankawaphikira, kuwaperekeza, n'kubwerera kunyumba kwake. Anthu ankati ndi wopirira. Kupirira kwakeko kunalibe mtendere ngakhale pang'ono.

Kenaka tsiku lina masana, nthawi ya chilimwe, mtchona uja anatulukira atavala jekete loyera, pambuyo pake pali wamtengatenga atasenza bokosi. Mudzi wonse unathamangira bokosilo. Amene ankayembekeza nsalu anakhumudwa. Munatuluka galamafoni, yokhala ndi lipenga lotambasuka ngati duwa la dzungu, ndi mbale imodzi yakuda yoimbira, chifukwa zinzake zinasweka panjira. Munalinso diresi ndi nsapato za NyaMoyo. Zaka zonsezi munthu n'kubwera ndi bokosi loimba! Ankhazi anasuzumira m'lipengamo, nati mulibe ngakhale sopo.

NyaMoyo analibe nazo ntchito za sopo. Mwamuna wake anali atabwera, ndipo iye anakondwa mpaka kuchita manyazi ndi kukondwa kwakeko. Koma sipanapite nthawi, anaona kuti Enos wabwera thupi lokha. Akakhala pampando, mwendo unkagwedera wokha. Ankapita kukhola, kubwerako, kulowa m'nyumba, kutulukanso, kukaima pachulu n'kumayang'ana njira ya kummwera ngati wina wamuitana. Atamuonetsa manda a mwana, anaima pamenepo chipewa chili m'manja, osadziwa choti anene kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo ngakhale pamenepo phazi linkagunda pansi. Mwendo wogwederawo NyaMoyo ankaudziwa bwino. Unagwederanso chimodzimodzi masiku aja Enos asanachoke ulendo woyamba, ndipo tsopano ukayamba, mtima wa NyaMoyo unkagwedera nawo.

Chimene chinkamukhazika Enos pansi chinali chimodzi chokha, kukamba za gule wotchedwa mashishi. Ankati Loweruka lililonse ku hotela kuja ankasuntha matebulo, Apwitikizi ndi amalinyero n'kumavina awiriawiri, mwamuna ndi mkazi atagwirana, iye ataima kukhoma ndi thireyi m'manja, maso akuba kavinidweko. Akaweruka ankakayeserera kuseri kwa khitchini atakumbatira tsache.

"Gule ameneyu si wa azungu yayi," ankauza amuna pamthunzi. "Anayamba ndi anthu akuda ngati ife, ana a akapolo, ku dziko lina lotchedwa Brazil, kutsidya kwa nyanja yamchere. Kwawoko olemera ankamunyoza kuti ndi wa amphawi. Mbwenu wakwera sitima, wafika ku Falansa, lero akumuvina ndi mafumu ovala golide. Wafika ku Beira. Gule wowoloka nyanja alephere kuwoloka Dwangwa?"

"Ukuti mkazi umamugwira m'chiuno?" anafunsa mkulu wina. "Masana? Anthu akuona?"

"Enya."

"Nanga chishango umagwira ndi dzanja liti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kwa iwo gule anali ingoma, amuna pamzere ndi zishango ndi zibonga, kuponda pansi mpaka nthaka kuyankha, akazi akuomba m'manja chapambali. Zogwirana m'chiunozo zinali za m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Enos anaseka nawo ndi mano okha.

Tsiku lina ali awiri kudimba, Enos anaponya khasu pansi.

"NyaMoyo, kuno ndikuuma. Ndilibe woyankhula naye, ndilibe wovina naye. Mvula isanagwe ndibwerera ku Beira."

NyaMoyo anapitiriza kuthirira. Anali atadikira kamodzi, ndipo mumtima ankadziwa kuti munthuyu akachokanso ndiye kuti wachokeratu. Analibe mwana womugwirira mwamuna mwendo. Mawu okoma onyengerera sankawadziwa. Anaika chikho pansi.

"Ndiphunzitseni ineyo," anatero.

Kuseri kwa dimbalo kunali thanthwe lalikulu losalala, lobisika ndi bango. Pamenepo ndi pamene panakhala hotela yawo. Ankazembera kumeneko dzuwa likatentha, anthu atabisala m'mithunzi, galamafoni ataikulunga m'chiguduli ngati akukataya kanthu. Singano zoimbira zitatha, Enos anayamba kusongola minga ya mthethe, ndipo nyimbo inkatuluka chapansipansi, zomwe zinawathandizanso kuti asamveke kumudzi.

Tsiku loyamba NyaMoyo anauma gwa ngati chitsa. Chikwatiwire anali asanayendepo ngakhale pambali pa mwamuna wake. Panjira ankatsata pambuyo, pakudya ankadya kwa akazi. Lero dzuwa likuswa mtengo, munthu akuti ima apa, ndiyang'ane, ika dzanja paphewa panga. Anamuponda Enos zala mpaka Enos anatukwana m'Chipwitikizi. Koma miyendo yozolowera kutsika kumtsinje ndi mtsuko pamutu sichedwa kumva. Chidendene patsogolo, kutsetsereka, kupendekera uku, kupendekera uko, kenaka kuzungulira mpaka bango ndi mitambo kusakanikirana.

"Lamulo ndi limodzi," Enos ankatero. "Ndikakugwira, dziko latha. Usayang'ane munthu. Nyimbo isanathe suima, ngakhale njoka idutse pamapazi."

Tinene zoona, NyaMoyo anayamba mashishi ngati mankhwala owawa, kumwa atatsinzina kuti mwamuna achire. Koma anadzamukonda guleyo. Anakonda dzanja lija pamsana, lomuuza kopita popanda mawu. Anakonda kuona nkhope ya Enos pafupi, masana, ikumusekerera iyeyo. Akamasinja ankangozindikira kuti munsi ukutsata nyimbo ya ku Brazil, ndipo ankadzidzimuka n'kucheuka ngati wina waona. Akatha kuvina, Enos ankakhala pathanthwe n'kumatafuna nzimbe, mwendo uli zii, ndipo NyaMoyo ankauyang'ana mwendowo mobisa, akuopa kukhulupirira.

Ankhazi, amene maso awo sankagona, anamupeza tsiku lina akupeta.

"Mkamwana, kudimba kwanuko kukumera chiyani masana onsewa?"

"Mpiru, ankhazi."

"Mpiru wochititsa munthu thukuta chonchi? Limbikirani, mwana wanga. Mwina chaka chamawa tibereka kumbuyo."

Anachoka akuseka, atatsimikiza kuti adziwa zonse. NyaMoyo anawasiya aganize choncho, chifukwa zimene ankaganizazo zinali zaulemu kuposa zoona zake.

Akanakhala mwamuna wina, thanthwe lija likanamukwanira. Koma Enos anali ngati nkhuku yosowa poikira. Anati gule wobisala m'bango si gule, ndi kuba. Ku Falansa guleyo anakwera chifukwa anthu aakulu anamuona, ndipo kunonso afunika aonedwe ndi wamkulu.

Mwayi unabwera ndi Malizani, kapitawo wa amesenjala a pa boma, munthu wa ku Ntcheu, amene anapatukira pamudzipo kudzapempha madzi n'kumva za bokosi loimba. Anamvetsera mbale ija akugwedeza mutu, kenaka anati pa boma kukubwera tsiku la masewera, lokumbukira kubadwa kwa mfumu ya ku Mangalande. Kudzakhala ingoma, mipikisano yothamanga ndi kukokana chingwe, Bwana wa pa boma ndi dona wake akuonerera. Malo a gule mmodzi wowonjezera akhoza kupezeka.

"Koma ndikuuzeni, achimwene," anatero Malizani. "Ine ndagwirapo ntchito ku Zomba. Angerezi gule wa Apwitikizi samuwerengera. Iwo amavina atauma khosi, pakati pa mwamuna ndi mkazi pakhoza kudutsa mbuzi. Zanuzi adzati n'zachipongwe."

"Ku Falansa ankateronso poyamba," anayankha Enos. "Bwana angogwedeza mutu kamodzi, mbwenu mawa Mzimba yense akufuna kuphunzira. Aphunzitsi, makalaliki, amesenjala inu nomwe. Ndidzamanga chisakasa pompano, ndiziphunzitsa anthu. Ku Beira ndikatengekonso chiyani?"

NyaMoyo anali kuseri kwa mpanda, ndipo mawu omalizawo anawatola n'kuwamanga pansonga ya nsalu. Guleyo akalandiridwa pa boma, Enos akhala. Akakanidwa, apita. Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinayamba kumukanika, ndipo ndiye amene ankayamba kunena kuti tiyeni kuthanthwe. Anavina ndi nsapato zija mpaka zidendene kusupuka, n'kumatapo masamba, n'kuvinanso.

Ankadziwa kuti akulu a mpingo akamva adzamuitana. Ankadziwa kuti akazi anzake adzamunena kuchitsime mpaka madzi kuphwa. Zonsezo anati adzazisenza. Funso lake linali limodzi, la apongozi ake.

"Adada adzakhalako?"

"Yayi," anatero Enos. "Mwendo watupa, sakufika ngakhale kudambo. Boma ndi kutali."

Sanakhutire. Anafunsanso mwa ankhazi, mozungulira, ngati akungofuna kudziwa za mwendowo. Ankhazi anabwera ndi yankho loti apongozi akuti ingoma anavina yokwanira paunyamata, sangakathyokere m'njira chifukwa cha mbendera ya mzungu. NyaMoyo anapuma. Chifukwa chofunsira sanachinene kwa aliyense, poti mkamwana sangatume mawu oti apongozi asafike pamene iye ali.

Ananyamuka masewera ali mawa, NyaMoyo atasenza galamafoni pankhata, Enos ali patsogolo atafukata mbale ija pachifuwa ngati khanda. Njira yonse Enos ankayankhula za chisakasa chake, kumene chidzayang'ane, ndi udzu wa kudambo liti umene adzafolere. Anagona kwa achibale pafupi ndi boma. M'mawa bwalo linali litadzaza kale. Mbendera inali m'mwamba, Bwana ndi dona wake atakhala pamipando pamthunzi, amesenjala akubweza anthu ndi tindodo. Magulu a ingoma analowa limodzilimodzi, nthenga pamutu, zikopa m'chiuno, ndipo akaponda pansi NyaMoyo ankamva m'mano. Iye anali kuseri kwa nyumba ya njerwa akulimbana ndi nsapato, zomwe zinkamuluma ngati zili naye pa mlandu. Anapita kukamwa madzi, anabwerako, anapitanso. Mwendo wake womwe unali utayamba kugwedera.

Malizani anakweza mawu kuti tsopano kukubwera gule wa kutsidya kwa nyanja. Enos anaika galamafoni pampando, anapukusa chogwirira, naika munga watsopano. Pambuyo pa bingu la ingoma, kanyimboko kanamveka ngati udzudzu, ndipo anthu anachita kusendera kuti amve. Kenaka Enos, mu jekete lake loyera, anatambasula dzanja n'kumugwira mkazi wake m'chiuno.

Bwalo lonse linayamba kung'ung'udza. Amayi anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mwe! Soni palije! Manyazi asiya kunyumba awa!"

NyaMoyo anamva nkhope ikutentha, koma anakumbukira lamulo, nayang'ana batani la jekete. Chidendene patsogolo, kutsetsereka, kupendekera uku, kupendekera uko. Nsapato anaziiwala. Atazungulira koyamba diresi linatambasuka, ndipo kung'ung'udza kuja kunasintha mtundu. Anyamata anayamba kugwedeza mapewa. Mayi wina, mwina mosafuna, anaimba nthungululu. Dona uja anasendera kutsogolo pampando wake n'kunong'oneza mwamuna wake, phazi likugunda pansi motsata nyimbo. Enos anaona zimenezo. NyaMoyo anamva dzanja pamsana pake likupepuka, nadziwa kuti mwamuna wake akusekerera. Mumtima anati, wakhala, ameneyu wakhala.

Pozungulira kwina maso ake anadumpha phewa la Enos, kamphindi chabe. Anthu a kutsogolo ankapatuka kupereka njira. Panatulukira ndodo, kenaka bulangete lodziwika bwino, kenaka mutu wa imvi. A Shaba, fumbi mpaka m'mawondo, mwendo wotupa atauzenga ndi sanza, anafika pamzere woyamba n'kuima.

NyaMoyo sanasankhe kanthu. Pambuyo pake ena ankati anachita bwino, ena ankati anapusa, koma onsewo ankayankhula ngati panali nthawi yoganiza. Mawondo anangopinda. Anapezeka ali pansi, manja pamiyendo, nkhope kumbali.

Enos anapitirira yekha. Anazungulira atakumbatira mphepo, anakodwa pa diresi, nadzandira mpaka kukagwa chammbali, jekete loyera lija n'kudya fumbi. Akanakhala munthu woimba ng'oma, akanaona n'kuleka. Koma galamafoni ilibe maso. Inapitiriza kuimba mokondwa ngati palibe chachitika.

"Wuka!" ananong'ona Enos akudzuka. "Dzuka, NyaMoyo, ndapota! Nyimbo sinathe!"

Akanadzuka bwanji? Mkamwana amadzuka apongozi akadutsa, ndipo apongoziwa sankadutsa. Anangoima pomwepo atatsamira ndodo, akupumira m'mwamba, akudikira kuti zinthu zipitirire.

Kuseka kunayamba ndi a ingoma, kenaka kunagwira bwalo lonse. Anthu anagwirana mapewa, ena anachita kukhala pansi. Bwana, poganiza kuti guleyo amatha choncho, anaomba m'manja pang'ono n'kukodola Malizani kuti abweretse okoka chingwe. Mutu sanagwedeze. Nyimbo inatha, munga unangotsala ukukanda mbale, mpaka Malizani anabwera kudzauchotsa. Apo m'pamene a Shaba anazindikira chimene chachitika, natembenuka mofulumira n'kulowa m'gulu.

Panjira yobwerera NyaMoyo anatamandidwa kuposa tsiku la ukwati wake. Amayi omwe aja ogwira pakamwa ankathamangira kudzamugwira dzanja. "Mkamwana waulemu chomene! Ngakhale amuveke nsapato, mwambo sanautaye." Iye ankangoti yewo, yewo, mawu aliwonse akumulasa. Akulu a mpingo sanamuitane n'komwe, anati mlandu watha wokha. Koma Enos anasanduka choseketsa. Pamowa munthu akangodzuka n'kukumbatira mphepo, anzake ankafa nalo phwete. Guleyo anamupatsa dzina loti gule wa mkamwana, ndipo palibe amene anabwera kudzaphunzira.

Enos sanamukalipire mkazi wake. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa mkwiyo umatha. Anangoti, "Si iwe, NyaMoyo. Ndi dziko lino." NyaMoyo akati tiyeni kuthanthwe, iye ankati mawa. Akati tikayesenso kwina kumene adada sangafike, iye ankati tiona. Jekete lija analichapa NyaMoyo mpaka manja kuwawa, koma fumbi lofiira la pa boma silinachoke lonse. Mwendo uja unayambiranso, ndipo tsopano unkagwedera ngakhale pakudya. NyaMoyo ankayamba ntchito n'kuisiya, kuyamba ina n'kuisiyanso, kuopa kupita patali, kuti mwina pobwera akapeza nyumba ili yokha.

Mitambo yoyamba itasonkhana kumapiri a Viphya, Enos anamanga mtolo wake m'mawa wina. Galamafoni anati aisiya.

"Ndizivina ndi yani?" anafunsa NyaMoyo.

Enos anayang'ana kumbali. NyaMoyo anamuperekeza mpaka pamtsinje, iye pambuyo atasenza mtolo, mwamuna patsogolo, monga mwa masiku onse. Pamtsinjepo Enos analandira mtolowo, nati adzabwera chimanga chikacha. Onse awiri ankadziwa kuti akunama.

Sanabwerenso. Patapita zaka, wina wochokera ku Beira anati anamuona akadanyamulabe thireyi, imvi zitayamba, ndipo anatinso mashishi Apwitikizi anawasiya kalekale, akuvina zina. NyaMoyo anakalambira pamudzi pomwepo, akulima fodya ndi chimanga, akulera ana a alamu ake. Galamafoni inakhala padenga mpaka chiswe chinadya bokosi, ndipo lipenga lake anayamba kuthirira nalo nyemba m'thumba. Atsikana okwatiwa kumene ankawatumiza kwa iye kuti akaphunzire ulemu. Ankawaphunzitsa zonse, koma za kugwada ankasiyira ena.

Koma tibwerere ku tsiku lija la pamtsinje. Pobwerako NyaMoyo anadzera kukhola, maso osaona bwino ndi misozi, ndipo anangozindikira a Shaba ali patsogolo pake. Ulendo uno nkhalambayo sinalambalale. NyaMoyo anagwada, nkhope kumbali. A Shaba anatembenukira kukhola, nagwira nyanga ya ng'ombe yawo yaikulu, n'kuyamba kuyankhula ngati akuuza ng'ombeyo.

"Mwendo wa mwana wanga ndinauona. Inenso ndili ndi maso. Ndinati uyu achokanso, ndipo akachoka ine sindidzamuonanso. Nditamva kuti akavina pa boma, poyamba ndinakana. Koma mutanyamuka mtima unandivuta. Ndinati ndipite, andione ndikusekerera, adziwe kuti kwawo kuno alipo womukondwerera. Ndinagona m'njira ndi mwendo uwu."

Anatapa fodya, koma sanamufikitse kumphuno.

"Ndinaona pang'ono chabe, pakati pa mitu ya anthu. Munkavina bwino chomene, mkamwana. Ndinangofuna kusendera kuti ndione bwino."

Ng'ombe inapukusa mutu. NyaMoyo anamva misozi ikugwera pamanja.

"Ine wolambalala nkhokwe masiku onse, tsiku limenelo ndinaiwala," anatero a Shaba. "Mukananditumizira mawu mwa mlongo wanga, ndikanaima kuseri kwa mtengo."

Anatsegula khola n'kutsimphina kulowera kudambo. Apongozi anali atadutsa, ndipo mwambo unkalola kuti tsopano adzuke. NyaMoyo anakhalabe chogwada pafumbipo, ng'ombe zikumulambalala imodziimodzi.